Mmene Sitima Zinkapumira pa Nyanja Yathu

Ndinafika ku Mbamba Bay ndili ndi ngongole ya mawu awiri. Mnzanga wina amene amaphunzitsa sayansi kusekondale anandipempha kuti ndimasulire ana a kalabu yake kabuku kofotokoza za tindege tazidole timene timauluka ndi injini yeniyeni ya jeti. Ndinavomera msangamsanga poganiza kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma mutu wachitatu wa kabukuko unkakamba za njira imene mpweya umalowera mu injini ndi njira imene umatulukira, ndipo Chingerezi chili ndi liwu limodzi lalifupi pa chilichonse mwa ziwirizi. Ine ndinalemba "polowera mpweya" ndi "potulukira utsi", n'kufufuta, n'kulembanso. Mawuwo sanali olakwika, koma ankamveka ngati zikwangwani za pakhomo la chipatala, ndipo sankamuuza mwana kuti zinthu ziwirizi ndi ntchito imodzi. Ndinalonga kabukuko m'chikwama n'kunyamuka ulendo umene ndinaukonza kalekale, wokaona manda a womasulira wina wakale ku Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay.

Ndiyambe ndafotokoza zimene kabukuko kankanena, chifukwa n'zimene zinandithandiza kumvetsa zomwe ndinakaona kunyanja. Injini ya jeti ya kandege kotere kukula kwake ndi ngati fulasiki ya tiyi. Kutsogolo kwake kuli gudumu la mapiko limene limakoka mpweya n'kuupanikiza. Pakati pali kachipinda momwe palafini amayaka. Kumbuyo kuli gudumu lina limene mpweya wotenthawo umalizunguza potuluka, ndipo limeneli ndi lomwe limazunguzanso lakutsogolo lija, pakuti magudumu onse awiri ali pa chitsulo chimodzi. Amazungulira maulendo oposa 100,000 pa miniti imodzi, ndipo mpweya wotuluka umatentha kupitirira madigiri 500. Frank Whittle wa ku England analembetsa nzeru ya injini ya jeti mu 1930. Ndege yoyamba ya jeti, Heinkel He 178, inauluka ku Germany mu Ogasiti 1939, ndipo patapita zaka pafupifupi 50, Mjeremani wina dzina lake Kurt Schreckling anaonetsa kuti munthu akhoza kupanga kainjini kotere pakhomo pake.

Vuto limabwera injiniyo ikaikidwa m'mimba mwa kandege. Ikakhala patebulo imakoka mpweya mbali zonse mmene ikufunira, koma m'kati mwa kandege mpweya uyenera kudzera m'mabowo a m'mbali kapena a pamphuno. Mabowowo akachepa, kapena njira yake ikakhota mwadzidzidzi, kapena milomo yake ikakhala yakuthwa m'malo mokhala yobulungira, injini imalandira mpweya wochepa ndiponso wosokonekera. Mphamvu imatsika, kutentha n'kukwera. Pakamwa pa injini amaikapo sefa ya waya, chifukwa kamwala kamodzi kakhoza kuthyola mapiko a gudumu. Kumbuyo amaikako paipi ya chitsulo chopyapyala, koma sailumikiza ndi injini. Amasiya kampata, ndipo kukamwa kwa paipiyo amakutambasula ngati kwa lipenga. Mpweya wamoto ukamathamangira m'paipimo umakoka mpweya wozizira kudzera pa kampata kaja, ndipo wozizirawo ndi umene umateteza thupi la kandege kuti lisapse. Paipi ikachepa kapena kampata kakalakwika, mpweya wotentha umabwerera m'mimba mwa kandege, injini n'kumameza zimene yalavula kale, mapeto ake kandege kamayaka. Choncho wopanga kandege sangakonze khomo lolowera osaganizira lotulukira. Lina likavuta, linzake lavutanso.

Ku Mbamba Bay ndinafika pa basi kuchokera ku Songea kudzera ku Mbinga, msewu wake wotsetsereka m'mapiri a Amatengo mpaka nyanja kutulukira mwadzidzidzi kumunsi. Tauniyi ndi likulu la boma la Nyasa, limene linadulidwa ku boma la Mbinga mu 2012. Imayang'anizana ndi Nkhata Bay, ndipo achikulire a m'mbali mwa nyanjamo akamacheza m'Chinyasa chawo, munthu wa Chichewa amatolapo zambiri popanda womasulira. M'mawa wa tsiku lachiwiri, asodzi a usipa atangokocheza, ndinapeza bambo wina wachikulire atakhala pansi pa mtengo, injini ya boti ya Yamaha ili patsogolo pawo. Aliyense ankangowatchula kuti afundi. Ndinawalonjera n'kupempha kukhala nawo pamthunzipo. Mwini injini, mnyamata wa zaka zosapitirira 25, ankadandaula kuti pulagi ndi yatsopano, petulo ndi wabwino, koma injini ikungotsamwa akaiwonjezera moto. Afundi sanayankhe. Anapisa zala kumbuyo kwa chivundikiro cha injini n'kusolola kansanza kamene mnyamatayo anatsekera pabowo, poopa kuti mafunde a mwera angalowetse madzi.

"Mwana wanga," anatero, "ine nditakutseka mphuno, ungapalase bwato mpaka ku Likoma?"

Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, injini ndi ngati ife tomwe, imapuma. Anthu amangoganiza za chimene imamwa, za kupuma kwake saganizako." Anandionetsa bowo la pakati pa pulopela. "Apa ndi pamene imatulutsira mpweya, pansi pa madzi. Mwaye ukatseka njira ya m'katimu, ngakhale mutsegule bwanji pamwambapa, siikoka."

Liwu limene ndinalisaka milungu itatu linali lomwelo, kupuma. Munthu akamapuma sitinena kuti akuchita zinthu ziwiri. Madzulo a tsiku limenelo ndinakhala pamchenga n'kumaona nkhungu zikukwera patali pakati pa nyanja ngati utsi wa sitima, ndipo ndinakumbukira agogo anga aakazi. Iwo ankatiuza kuti bambo awo anagwira ntchito yosonkheza moto m'sitima ina ya nkhuni pa nyanja yomweyi. Ankati akabwera kumudzi ankafika opanda nsidze chifukwa cha moto, ankamwa madzi m'chidebe osati m'chikho, ndipo ankagona pakhonde ngakhale mu Juni ponena kuti m'nyumba mulibe mpweya. Tili ana tinkangoseka. Pamchengapo ndinazindikira kuti mabuku a mbiri ya nyanjayi amene ndinawerenga kuyunivesite anandiphunzitsa mayina a sitima, a akapitawo ake ndi kukula kwa mfuti zake, koma sanandifotokozere mmene sitimazo zinkapumira ndi amene ankazipumitsa.

Sitima yoyamba yanthunzi pa nyanjayi inali Ilala ya amishoni a Livingstonia, imene inalowa m'nyanja mu Okutobala 1875 motsogozedwa ndi E. D. Young, Robert Laws ali momwemo. Anthu mazanamazana anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Pambuyo pake kunabwera Charles Janson ya amishoni a UMCA mu 1885, Domira ya kampani ya African Lakes, Hermann von Wissmann ya Ajeremani mu 1893, Gwendolen ya boma la Angerezi mu 1899, ndi Chauncy Maples mu 1901. Zonsezi zinkadya nkhuni. Pansi pa sitima iliyonse panali boyila, chimphika chachitsulo chotsekedwa momwe madzi ankawira n'kusanduka nthunzi yokankha injini, ndipo m'mimba mwa boyilayo munali ng'anjo ya moto.

Moto umafuna mpweya wambiri kuposa mmene timaganizira. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma imafuna mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 6 kuti ipse bwino, chifukwa mu mpweya timapumawu gawo limodzi lokha mwa magawo asanu ndilo okosijeni woyatsa moto. Sitima ya nkhuni inalibe gudumu lokokera mpweya ngati la jeti. Inkadalira chumuni. Utsi wotentha ndi wopepuka kuposa mpweya wozizira, ndiye umakwera m'chumuni, ndipo ukamakwera umasiya malo amene mpweya watsopano umathamangira kudzadzaza, kulowera pansi pa zitsulo zogonekapo nkhuni. Chumuni chikatalika ndiponso utsi ukatentha kwambiri, kukokako kumakula. N'chifukwa chake sitima za nthawi imeneyo pa zithunzi zakale zimaoneka ndi chumuni chachitali chowonda. Aliyense amene anakolezapo mbaula amazidziwa izi: khomo la mbaula umalilozetsa kumphepo, phulusa umaligwedeza kuti mabowo atseguke, ndipo ukafuna kuti makala agwire msanga umaimika chitini chobowola mbali zonse ziwiri pamwamba pake.

Mainjiniya a ku Ulaya anayesetsa kuthandiza chumuni. James Howden wa ku Glasgow, m'zaka za m'ma 1880, anakonza njira yokankhira mpweya m'ng'anjo za sitima zazikulu ndi mafani. Sitima zapamtunda, monga zimene zinayamba kufika ku Blantyre mu 1908, zinkalavulira nthunzi yotha ntchito m'chumuni mwamphamvu, ndipo nthunziyo pothamanga inkakoka utsi ndi mpweya kudzera pamoto. Phokoso lija la sitima yamalasha ikamakwera mtunda ndi kupuma kumeneku. Nzeru yake ndi yomwe ija ya kampata ka pakati pa injini ya kandege ndi paipi yake: chotuluka mwaliwiro chimakoka chinzake.

Koma m'sitima yaing'ono ya nkhuni, pakati pa chumuni ndi moto panali munthu. Wosonkheza moto ankayenera kuyala nkhuni mosiya mipata, monga amachitira mayi pamafuwa, chifukwa nkhuni zothinana zimabanikitsa moto. Ankapala phulusa kuti mpweya udutse pansi. Ankatsegula chitseko cha ng'anjo mwachangu n'kutsekanso, popeza chikakhala chotsegula mpweya wozizira umadutsa pamwamba pa moto n'kuziziritsa boyila, nthunzi n'kutsika, sitima n'kufooka pakati pa mafunde. Utsi unkamunenera kwa kapitawo: wakuda bii unkatanthauza kuti moto ukubanika, woyera wambiri unkatanthauza nkhuni zaziwisi. Mpweya wa moto ndi wa munthuyo unkachokera kumodzi, m'mapaipi akuluakulu opindika kukamwa amene ankaima pamwamba pa sitima, omwe ankawatembenuzira kumphepo. Sitima ikamalimbana ndi mphepo, pansipo pankafika kamphepo. Koma ikamalowera kumpoto mwera ukuikankha kumbuyo, mphepo ndi sitima zinkayendera limodzi, m'mapaipimo n'kumalowa mpweya wochepa, ndipo pansipo pankasanduka uvuni. Agogo aja ogona pakhonde mu Juni sankachita misala.

Nkhunizo nazonso sizinkadzibweretsa. Sitima yaing'ono singanyamule nkhuni za ulendo wonse kuchokera ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, mpaka ku Karonga kapena ku Langenburg n'kutsalanso ndi malo a katundu. Choncho m'mbali mwa nyanja munali malo otengera nkhuni, kumene anthu a m'midzi ankadula mitengo, kuiwaza, kuisenza ndi kuiunjika m'milu yoyezedwa, kudikira utsi uonekere patali. Inali nthawi yomwe msonkho wa nyumba unkakhazikika mbali zonse ziwiri za nyanja: mashilingi 3 kwa Angerezi, ndi marupiya 3 kwa Ajeremani kuyambira 1898. Kudula nkhuni za sitima inali imodzi mwa njira zochepa zopezera ndalama ya msonkho munthu osachoka kwawo. Paja amati utsi sufuka popanda moto. Pa nyanjayi utsi wa sitima sunkafuka popanda nkhwangwa ya munthu wa m'mudzi.

Tsiku lachitatu ndinakwera njinga yamoto kupita ku Liuli, kumanda amene ndinadzera. William Percival Johnson, wansembe wa UMCA, anafika kunyanja kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, ndipo posakhalitsa matenda anamuwononga maso moti ankangoona pang'ono ndi diso limodzi. Zaka zambiri za moyo wake anazithera pa sitima, poyamba Charles Janson kenako Chauncy Maples, akuyendera midzi ya kum'mawa kwa nyanja ndi kumasulira malemba mothandizana ndi aphunzitsi a kunyanja konkuno. Baibulo lathunthu m'Chinyanja cha ku Likoma linatuluka mu 1912. Iye anamwalira ku Liuli mu Okutobala 1928 ndipo anaikidwa komweko, kumene Akhristu a Anglican amamukumbukirabe mpaka lero. Monga womasulira ndimamulemekeza, chifukwa ndikudziwa kuwawa kwa kusaka liwu limodzi ngakhale uli ndi maso awiri ndi magetsi.

Sitima imene ankagwiriramo ntchitoyo ili ndi mbiri yakeyake ya mapewa a anthu. Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan, n'kuphwasulidwa m'zidutswa 3,481 kuti itumizidwe kudzera ku Zambezi ndi Shire. Chinthu chimodzi sichikanatheka kuphwasula: boyila yolemera matani 11. Anaikweza pa ngolo yachitsulo, ndipo Angoni 450 anaikoka pamtunda, m'mapiri ndi m'makwawa, makilomita pafupifupi 100 polambalala mathithi. Sitimayo inaikidwa pamadzi mu Juni 1901. Nditaima pamanda paja ndinaganiza za tsamba lililonse limene Johnson ndi anzake anamasulira pamwamba pa sitimayo, mphepo ya nyanja ikuwawomba, pansi pa mapazi awo pali munthu wovula malaya akuponya zikuni m'chifuwa chachitsulo chimene anthu 450 anakoka ndi zingwe. Chinyanja cholembedwa chimene ife omasulira a lero tinalandira chinayenda pa mpweya wa anthu amenewo.

Pansi pa phiri la tchalitchi pali gombe la miyala ikuluikulu. Umodzi mwa miyalayo Ajeremani anaufanizira ndi chosema cha ku Egypt, n'kutcha malowo Sphinxhafen. Pano ndi pamene ankakokera kumtunda sitima yawo, Hermann von Wissmann, ikafuna kukonzedwa. Sitimayi inapangidwa ku Hamburg ndi ndalama zimene zinasonkhedwa m'dzina lothetsa malonda a akapolo, ndipo inali sitima yokhayo ya mfuti imene Ajeremani anali nayo pa nyanja. Pakati pa mwezi wa Ogasiti 1914, patangotha masiku ochepa Britain italowa m'nkhondo, Gwendolen motsogozedwa ndi Kapitawo Edmund Rhoades inatulukira pagombeli m'bandakucha n'kupeza Wissmann ili pamtunda. Anaiwombera ndi mfuti ya Hotchkiss. Kapitawo wa Ajeremani, Berndt, amene anali mnzake wa Rhoades wa pamowa, anali asanamve kuti nkhondo yayamba. Anapalasa kabwato kupita ku Gwendolen ali wolusa, kukafunsa ngati mnzakeyo waledzera, ndipo anakathera kukhala mkaidi. Angerezi anachotsa mfuti ya Wissmann ndi mbali zina za injini yake. Kumapeto kwa Meyi 1915 anabweranso ndi asilikali, motsogozedwa ndi G. H. Dennistoun, n'kuiphulitsa kuti isakonzedwenso. Pambuyo pake anaikonza okha n'kuitcha King George.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati nthabwala ya azungu awiri okonda kachasu wa kwawo, ndipo Angerezi amaiwerengera monga chipambano chawo choyamba cha pamadzi m'nkhondo imeneyo. Mfuti ya Gwendolen ilipobe ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria. Koma titaiyang'ana ndi maso a afundi a ku Mbamba Bay, nkhondo ya m'mawa umenewo inatha chipolopolo chisanalire. Sitima ina inafika moto uli lawilawi, anthu atachezera usiku wonse kuusonkheza. Inzake inali pamtunda, ng'anjo ili zii. Ngakhale ikanakhala pamadzi, boyila yozizira imafuna maola angapo kuti ipereke nthunzi, ndipo ukaifulumizitsa zitsulo zake zimapindika ndi kudontha. M'Chichewa tinganene kuti sitima zonse ziwiri zinali kupuma, ina kupuma kwa wothamanga, ina kupuma kwa wogona.

Zotsatira zake sizinali nthabwala. Wissmann itachoka panjira, nyanja yonse inakhala msewu wa Angerezi. Sitima zawo zinanyamula asilikali kupita ku Karonga, kumene anamenyana ndi Ajeremani pa 9 Sepitembala 1914. Kuyambira 1916, gulu lankhondo la Edward Northey litalowa m'dziko la Ajeremani, katundu wankhondo ankatsitsidwa ku Wiedhafen, komwe lero ndi Manda, ndiponso ku Mbamba Bay, n'kukwera mapiri kupita ku Songea pamitu ya anthu. Sitima za amishoni ndi za makampani, Chauncy Maples yomwe, zinatengedwa kukagwira ntchito yankhondo. Anthu a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira utengatenga m'nkhondoyi, ambiri mokakamizidwa, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Melvin Page, amene anacheza ndi achikulire otsala m'zaka za m'ma 1970, analemba za iwo m'buku lake lotchedwa The Chiwaya War. Ulendo uliwonse wa sitima yodzaza ufa ndi zipolopolo unkafuna milu ina ya nkhuni pagombe ndi anthu ena pansi pa sitima. Msewu umene ndinatsika pa basi mosangalala ndi malo okongola, anthu anaukwera mapiri omwewo atasenza zimene sitima zalavula.

Pali chinthu china chimene sindifuna kuti ana a kalabu ija achiphonye. Nzeru ya chumuni sinabwere ndi Ilala. M'nkhalango ya Kasungu mukadali zotsalira za ng'anjo zadothi zosungunulira chitsulo, zazitali kuposa munthu. Ng'anjo zimenezi sizinkafuna mvukuto. Pansi pake ankalowetsapo timapaipi tadothi mozungulira, ndipo utsi wokwera pamwamba ndi umene unkakoka mpweya kudzera m'timapaipito usana ndi usiku, mpaka kutentha kupitirira madigiri 1,000. Afipa a kumadzulo kwa Tanzania ankamanganso ng'anjo zazitali zoterezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anagwira ntchito ndi achikulire a kwa Chulu ku Kasungu amene ankakumbukirabe luso limeneli, ndipo anamanga ng'anjo n'kuiyatsa. Wosungunula chitsulo ankayenera kudziwa kutalika kwa ng'anjo, kukula kwa kukamwa kwake ndi chiwerengero cha timapaipi, chifukwa chimodzi chikalakwika moto sufika. Funso lake ndi lomwe lija la m'mutu wachitatu wa kabuku kanga. Munthu amene anatsika koyamba m'chipinda cha boyila anakumana ndi chitsulo chachilendo, koma khalidwe la moto ndi mpweya makolo ake ankalidziwa kale.

Nthawi ya nkhuni inatha pang'onopang'ono. Ilala yachiwiri, imene inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949 n'kuyamba ntchito mu 1951, inabwera ndi injini za dizilo, ndipo kwa zaka zambiri inkawoloka kuchokera ku Nkhata Bay kudzakocheza ku Mbamba Bay. Chauncy Maples inaikidwa injini ya dizilo mu 1967. Lero mbali ya Tanzania kumayenda Mbeya II yonyamula anthu, ndi Njombe ndi Ruvuma zonyamula katundu. Malasha a ku Ngaka, m'boma la Mbinga, amatsikira kunyanja padoko la Ndumbi m'boma lomweli la Nyasa. Ajeremani ankadziwa za malasha a m'chigwa cha Ruhuhu kuyambira m'zaka za m'ma 1890, koma nkhwangwa ya munthu wofuna ndalama ya msonkho inali yotchipa kuposa mgodi ndi msewu. Injini ya dizilo nayo imapuma. Zambiri za masiku ano zili ndi kagudumu kozunguzidwa ndi utsi wa mu ekizozi, kamene kamazunguza kanzake kopanikizira mpweya mu injini. Amene anayamba kupanga mainjini a tindege tija m'zaka za m'ma 1990 ankatenga gudumu lakutsogolo m'zipangizo zomwezi za galimoto. Kuchokera pa ng'anjo ya kwa Chulu, kudzera m'chumuni cha Gwendolen, mpaka pa kandege kothamanga kuposa galimoto iliyonse ya pamsewu wa M1, amisiri akhala akulimbana ndi funso limodzi, loti mpweya ulowe wokwanira ndipo utuluke osabwerera.

Chimene chinasintha ndi chakuti munthu uja wa pansi pa sitima anachokapo, ndipo anachoka osasiya chizindikiro. Mfuti ili ndi malo ake ku Mangochi. Wansembe ali ndi manda ake osesedwa bwino ku Liuli, ndipo ndi oyenera kuseseredwa. Chiwerengero cha zidutswa za Chauncy Maples chinasungidwa mpaka kachidutswa komaliza. Odula nkhuni ndi osonkheza moto atsala m'nkhani za agogo, zimene zidzukulu zimaseka kenako n'kuiwala. Izi zili ndi mtengo wake. Mwana amene waphunzira kuti makina anabwera ndi azungu, ife n'kumangoonerera pagombe, amayandikira injini ngati mlendo pakhomo la eni. Mwana amene wauzidwa kuti agogo ake ndi amene ankaipumitsa injiniyo, ndipo ankawerenga utsi ngati kalata, amaigwira mosaopa.

Nditabwerera ku Mbamba Bay ndinatulutsa kabuku kaja m'chipinda chimene ndinkagona, n'kumaliza mutu wachitatu usiku womwewo. Mutuwo ndinautcha "Mmene injini imapumira". Mbali yakutsogolo ndinaitcha kukoka mpweya, yakumbuyo kutulutsa mpweya, mabowo a m'mbali mwa kandege ndinawatcha mphuno, ndipo paipi yakumbuyo ndinaisiya kuti ekizozi, monga aliyense amanenera kugalaja. Ndinapempha mnzanga uja chilolezo choti ndiwonjezere tsamba limodzi limene m'Chingerezi mulibe: za mbaula ndi chitini chake, za ng'anjo za ku Kasungu, za Angoni 450, ndi za wosonkheza moto amene ankagona pakhonde. Pansi pake ndinalembapo ntchito yoti ana akachite: akoleze mbaula ziwiri zofanana, ina aiimikire chitini chachitali, ina chachifupi, awerenge maminiti, kenako atseke khomo la imodzi ndi katoni aone chimene chichitike.

Mnzangayo anandiimbira foni atawerenga. "Chemwali, zonse zili bwino," anatero, "koma liwu lakuti kupuma silisokoneza ana? Ena aganiza kuti injini yatopa, yakhala pansi."

Ndinamuyankha kuti akafunsa zimenezo awauze za sitima ziwiri za ku Liuli mu 1914, ndipo aone ngati padzakhale mwana wosokonezekanso. M'mawa mwake, ndisanakwere basi ya ku Songea, ndinapita kukatsanzikana ndi afundi. Ndinawapeza pansi pa mtengo womwe uja ndi injini ina, ndipo boti la mnyamata wa kansanza uja linali litapita kale kunyanja.